Bwanji tiyi amachoka motchipa, buku n'kumabwera modula?

Pali funso limene ndakhala ndikufunsa aliyense wodziwa za mabuku, ndipo yankho lililonse limene ndalandira labereka funso lina. Zimatheka bwanji kuti kunyamula buku kudule kuposa kulipanga? Kupanga buku kumalira pepala, inki, guluu, chikuto, makina, magetsi ndi munthu woyang'anira makinawo. Kunyamula kumangofuna kuti kanthu kolemera magalamu 300 kachoke uko kafike kuno. Koma mukafunsa mtengo, kunyamulako ndiye kumaboola m'thumba.

Funsoli linandipeza kudzera mwa atsibweni anga. Iwowa anaphunzitsa zaka zambiri m'sukulu za pulayimale kuno ku Mulanje, ndipo atapuma pantchito anayamba kulemba zimene anamva kwa agogo awo: mmene Alhomwe ankawolokera Ruo kuchokera ku Mozambique, mmene ankagwirira thangata m'maesiteti a azungu, mayina akale a midzi ya m'tsinde mwa phirili ndi chimene inatchulidwira choncho. Ankalemba pamanja, m'makope a ana asukulu, mdzukulu wawo n'kumataipa pa kompyuta. Mwana wawo wamkazi, namwino ku England, ndiye anabwera ndi nzeru. "Ababa, musavutike n'kufunafuna osindikiza. Kuno kuli makampani oti mumangowatumizira fayilo pa intaneti, osalipira kalikonse. Munthu akaliitanitsa bukulo, amasindikiza limodzi lomwelo n'kumutumizira." Zinathekadi. Amalawi a ku Manchester ndi ku Leeds amene analigula ankalilandira pakhomo patangopita masiku owerengeka. Mwini wake yekha ndiye anali asanaligwire m'manja, chifukwa ndalama yolitumizira ku Mulanje inaposa yolisindikizira maulendo angapo.

"Tandiuza iwe," anandifunsa atsibweniwo, "buku ndalembera pakhonde pano. Anthu amene ndawatchula m'menemo manda awo ali kuseriku. Amene angaliwerenge n'kulimvetsa ali pa Chonde, pa Nkando, pa Limbuli. Nanga latani kuti likhale la ku England?"

Njira imeneyi, imene eni ake amati print-on-demand, yakhalapo kwa kanthawi ndithu. Kampani ya Lightning Source inayamba kusindikiza mabuku motere kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ku Tennessee, m'dziko la America. Lulu inabwera mu 2002 n'kutsegulira khomo wolemba aliyense, ndipo Amazon nayo ili ndi nthambi yake, Kindle Direct Publishing. Nzeru yake ndi yomveka bwino. Buku limasungidwa ngati fayilo basi. Palibe makatoni odzaza chipinda, palibe mabuku odyedwa ndi chiswe podikira ogula, palibe ngongole ya kwa osindikiza. Ku America, buku la masamba 200 lopanda zithunzi zamitundumitundu limasindikizidwa ndi madola apakati pa 3 ndi 4, ndiye kuti pafupifupi K6,000 tikatengera mtengo wa kubanki wa mu 2024, pamene dola imodzi inali cha m'ma K1,750. Kwa mphunzitsi wodalira penshoni, ameneyo ndi mtengo wofikirika.

Eni ake amanenanso kuti ubwino waukulu wa njirayi ndi wakuti buku limasindikizidwa kufupi ndi woliwerenga. Wa ku Germany akaliitanitsa, amalira ndi makina a ku Ulaya konko. Wa ku Australia akaliitanitsa, makina a ku Australia. Wa ku Japan chimodzimodzi. Fayilo imawoloka nyanja m'kuphethira kwa diso, yopanda sitampa, yosaima pachipata cha dziko lililonse. Ndiye ine ndinafunsa: wa pa Chitakale akaliitanitsa, makina ake ali kuti? Makampani akuluakuluwa alibe fakitale ku Malawi, ku Zambia ngakhale ku Mozambique. Makina anakhazikidwa kumene kuli owerenga okhala ndi madola, mapaundi ndi mayuro. Kwa ife, buku lonena za mudzi wathu womwe limasanduka katundu woitanitsa kunja, wokwera ndege.

Chimene chimandizunguza mutu kwambiri ndi tiyi. Ife a ku Mulanje takulira pakati pa katundu wopita kunja. Henry Brown anadzala tiyi pa Thornwood mu 1891, ndipo kwa zaka zoposa 100 tiyi wa kuno wakhala akuwoloka nyanja, kale pa sitima ya pamtunda yokwerera pa Luchenza kulowera ku Beira, lero m'makontena a pamalole. Dziko lino limakolola matani oposa 40,000 a tiyi pachaka, wambiri wa ku Mulanje ndi ku Thyolo, ndipo wochuluka zedi amagulitsidwa kunja, makamaka ku South Africa ndi ku Britain. Pa okushoni ya ku Limbe kilogalamu imodzi kawirikawiri siifika madola 2. Tsono taonani. Kilogalamu ya tiyi wothyoledwa ku Lujeri kapena ku Mini-Mini imayenda ulendo wonsewo mpaka ku London, n'kukafika ikadali yotchipa moti munthu wamba amamwa m'mawa uliwonse osadandaula. Kilogalamu ya mabuku, amene ndi mabuku 3 okha, ikamachoka ku London komweko kubwera kuno imafuna madola makumi angapo. Mtunda ndi womwewo, nyanja ndi yomweyo. Chasintha n'chiyani pobwerera?

Bambo wina wogwira ntchito yotumiza katundu kunja ku Limbe anandiyankha mofatsa. "Achimwene, tiyi sayenda yekhayekha. Kontena imodzi yaikulu imalowa matani 20 kapena kuposa. Dalaivala ndi mmodzi, mapepala ndi amodzi, a kasitomu amadinda kamodzi. Ndalama zonsezo mukazigawa pa makilogalamu 20,000, kilogalamu iliyonse imangosenza pang'ono. Buku lanulo limayenda lokha. Lili ndi envulopu yake, nambala yake, fomu yake ya kasitomu, ndipo paliponse pamene latsika pamafunika munthu woti alilandire, alilembe, alikwezenso."

Ndinamva, ndipo ndinathokoza. Koma pamenepo ndi pamene ndinaona kuti chimene chimapeputsa kusindikiza n'chomwechonso chimalemeretsa ulendo. Wolemba amasangalala kuti safunika kusindikiza mabuku 1,000 nthawi imodzi, atha kuyamba ndi limodzi. Wonyamula katundu akaona limodzilo amaona ntchito yambiri pa kanthu kakang'ono. Kumene kuli ogula ambiri pafupipafupi vutoli silioneka, chifukwa galimoto imodzi imagawa maphukusi mazanamazana m'tauni imodzi tsiku limodzi. Kuno phukusi la atsibweni lingakhale lokhalo lopita njira ya ku Muloza sabata imeneyo. Kodi amene anayambitsa njirayi anatiganizirako ife, kapena tinangolowa m'nyumba yomangidwira ena?

Ndinafunsanso china. Atsibweni sali pachangu. Buku analilemba zaka. Litatenga miyezi 3 panyanja sangadandaule. Bwanji osalitumiza pa sitima ya pamadzi, motchipa? Kale zinkatheka. Positi inali ndi thumba lapadera la mabuku, lolemera mpaka makilogalamu 30, lopita kwa munthu mmodzi kapena sukulu imodzi, ndipo likamayenda panyanja mtengo wake unali wotsika kwambiri. Mabuku ena a m'malaibulale a mamishoni ndi a m'sukulu anabwera m'matumba otere. Koma mu Meyi 2007 positi ya dziko la America inasiya kutumiza makalata ndi maphukusi akunja panyanja. Kuyambira pamenepo chilichonse chochokera kumeneko pa positi chimakwera ndege, chikhale mankhwala ofunika mawa kapena buku la mbiri yakale loti likhoza kudikira. Chifukwa chiyani njira ya munthu wosathamanga ndi imene inatsekedwa kumeneko?

Ndegeyonso sibwera molunjika. Palibe ndege ya anthu yochoka ku Ulaya kapena ku America imene imadzatera pa Chileka kapena pa Kamuzu isanaime kwina. Phukusi limatsika ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg, n'kudikira ndege ina. Likafika ku Blantyre pamatsala makilomita pafupifupi 70 a msewu wa Midima. Makampani onyamula katundu mwachangu amawonjezera ndalama ya mafuta, ena n'kuwonjezeranso ya malo akutali ndi tauni, ndipo samangoyang'ana sikelo: amayezanso kukula kwa katoni, n'kulipiritsa chimene chakula pa ziwirizo. Mafomu awo amafuna dzina la msewu ndi nambala ya nyumba. Ife adiresi yathu ndi bokosi la ku positi ofesi, kapena la sukulu, kapena la mpingo, ndipo mlendo timamulondolera ndi chigayo, mjigo ndi mtengo wa mango. Ambiri mwa makampani amenewa salola kutumiza ku bokosi. Ndiye munthu wa kwa Mabuka kapena kwa Njema alembe chiyani pamzere umenewo?

Nditafika apa ndinkayesa kuti mitengo yotumizira imangodzikhalira yokha, potengera mafuta ndi mtunda. Koma mbiri ya positi ikuonetsa kuti imaikidwa ndi anthu okhala pansi n'kukambirana. Mu 1874, mumzinda wa Bern ku Switzerland, maiko anapanga mgwirizano umene lero umatchedwa Universal Postal Union. Anagwirizana kuti dziko lotumiza lizisunga ndalama ya sitampa, dziko lolandira lizifikitsa kalatayo osalipiritsa mnzake. Zinayenda choncho mpaka 1969, pamene anakhazikitsa zoti maiko azilipirana. Mu 2018 dziko la America linaopseza kuti lituluka mumgwirizanowu chifukwa timaphukusi tochokera ku China tinkalowa motchipa kwambiri, ndipo mu Sepitembala 2019 maiko anakumana ku Geneva n'kusintha malamulo a mitengo. Dziko lamphamvu litadandaula, chaka chimodzi chinakwanira.

Mumgwirizano womwewo muli chinthu chimene chimandikhudza mtima. Mabuku a anthu osaona, a zilembo zopapasa za braille, amayenda pa positi opanda sitampa mpaka makilogalamu 7. Maiko anavomerezana kuti munthu asamanidwe chowerenga chifukwa cha maso ake. Mu 1950, kudzera ku UNESCO, maiko ambiri anasainanso pangano la ku Florence loti mabuku asamalipitsidwe msonkho wa kasitomu polowa m'dziko. Ndiye kuti dziko lapansi linazindikira kale kuti buku si katundu wamba. Nanga bwanji anachotsa msonkho wa pachipata n'kusiya mtengo wa panjira ukukwera mpaka kuposa msonkhowo? Kodi nthumwi zathu zikapita kumisonkhano imeneyi, nkhani ya buku lopita kumudzi imatchulidwako?

Za ndalama zakunja sindichulutsa, aliyense akuzidziwa. Kutumizako kumalipiridwa m'madola kapena m'mapaundi, pa khadi la kubanki, ndipo kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Buku silinalemere, ndege siinatalikitse njira, koma kwa munthu wolandira makwacha phukusi lomwelo linakwera mtengo kawiri m'miyezi 18. Ndipo bukulo likagulidwa ku America, boma la kumeneko limadula 30 peresenti pa phindu la wolemba, chifukwa Malawi ndi America alibe pangano la misonkho.

Sindikunena kuti njirayi ndi yoipa, ayi. Yatithandiza, koma mbali imodzi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 osindikiza mabuku a mu Africa anakhazikitsa bungwe lawo, African Books Collective, ku Oxford, kuti lizigulitsa mabuku awo kunja. Lero bungweli limagwiritsa ntchito njira yomweyi, ndipo mabuku a Kachere Series ya ku Zomba, a Mzuni Press ndi a Luviri Press a ku Mzuzu amapezeka kudzera kumeneko. Kale wosindikiza wa ku Zomba ankayenera kumanga makatoni, kulipira ulendo, n'kudikira miyezi. Tsopano wophunzira wa ku Edinburgh akafuna buku la mbiri ya mipingo ya ku Malawi, amalisindikizira konko. Ulendo wotuluka unathetsedwa mwanzeru kwabasi. Ulendo wolowa ndi umene palibe anaukhudza, ndipo zotsatira zake n'zakuti buku lonena za Malawi nthawi zina n'losavuta kulipeza ku Scotland kusiyana ndi pa Boma pano.

Mabuku a atsibweni anafika ndithu, koma m'sutikesi. Mwana wawo uja anabwera ku ukwati wa mng'ono wake n'kuwanyamulira angapo pakati pa zovala. Ndaona kuti olemba ambiri amatero. Chikwama chimodzi cha makilogalamu 23, chimene ndege zambiri zimalola, chikhoza kulowa mabuku oposa 70, koma palibe amene amabwera kumudzi ndi mabuku okhaokha pamene amayi akufuna mankhwala, ana akufuna nsapato. Ena amasindikizira ku Johannesburg kapena ku Cape Town n'kupatsira mabasi a ku Joni otsikira pa Wenela, pamodzi ndi mabulangete ndi mafiriji. Njira zimenezi n'zaulemu, ndipo popanda izo bwenzi tilibe kanthu. Koma kodi n'zoona kuti buku lizidikira ukwati kapena maliro kuti lifike kwawo? Nanga wolemba amene alibe mwana kunja atani?

Apa aliyense amandifunsa funso limene inenso ndinadzifunsa: bwanji osangosindikiza konkuno? Makina osindikizira si achilendo m'dziko muno. Ku Nkhoma, ku Likuni, kwa a Montfort ku Limbe ndi ku Balaka, ngakhale kwa anansi athu ku Malamulo, pa Makwasa, akhala akusindikiza mabuku a Chichewa kwa zaka zambirimbiri. Vuto n'lakuti makina akuluakulu amafuna kukonzedwa kaye tsamba lililonse asanayambe kuzungulira, choncho amapindula mukasindikiza mabuku 500 kapena 1,000 nthawi imodzi, ndalama n'kuperekeratu. Imeneyo ndi miyandamiyanda ya makwacha, imene mphunzitsi wopuma pantchito alibe. Komanso pepala losindikizirapo mabuku timaitanitsa kunja. Nkhalango ya paini ya ku Chikangawa, ya mahekitala 53,000, inadzalidwa kuyambira m'zaka za m'ma 1960 ndi cholinga chodyetsa fakitale yaikulu ya zopangira mapepala, koma fakitaleyo sinamangidwe. Choncho ngakhale buku losindikizidwa ku Balaka linawolokapo nyanja lisanalembedwe kanthu.

Komatu m'menemo ndi mmene ndikuonamo khomo. Pepala lopanda kanthu limabwera m'kontena, matanimatani, monga mmene tiyi wathu amapitira, ndipo ulendo wake ndi wotchipa pa kilogalamu. Mawu amabwera pa intaneti pafupifupi ulere. Chodula ndi pepala lokhala ndi mawu kale likamayenda lokhalokha pa ndege. Ndiye bwanji ziwirizi osabwera padera, n'kudzakumanira kuno? N'chifukwa chiyani zikumanire ku England kapena ku Tennessee, kenako ife tilipire ndege?

Pa Chitakale, pa Boma ndi pa Limbuli pali timashopu ta fotokope timene tsiku lililonse timasindikiza mayeso a sukulu, makhadi a ukwati, mapulogalamu a maliro ndi makalata ofunsira ntchito. Anyamata a m'menemo amadziwa kupinda, kudula ndi kumanga mapepala. Ku South Africa munthu wina, Arthur Attwell, anaona zomwezi n'kuyambitsa ntchito yotchedwa Paperight: mashopu a fotokope ankalembetsa, n'kumatsitsa mabuku pa intaneti mwalamulo, kusindikizira kasitomala, gawo la ndalama n'kupita kwa mwini buku. Mashopu ambiri analowa, m'matauni ndi m'midzi momwe. Ntchitoyi inatsekedwa mu 2014 chifukwa ndalama zolowa sizinkakwanira kuiyendetsa, komanso makampani akuluakulu a mabuku ankazengereza kupereka mabuku awo ofunidwa kwambiri. Ena akamva zimenezi amati basi, zinayesedwa, zinakanika. Koma atsibweni anga si kampani yaikulu. Iwo sakuzengereza, akuchita kupempha kuti buku lawo lisindikizidwe. Ndipo lero tili ndi Airtel Money ndi Mpamba, moti K1,000 ya wolemba ikhoza kufika pafoni yake buku lisanazizire pamakina. Tilinso ndi COSOMA, imene inakhazikitsidwa mu 1992 ndipo imatolera ndalama za eni luso, kuphatikizapo za mabuku ochitidwa fotokope. Zipangizo zonse zikuoneka kuti zilipo. Chikusoweka n'chiyani?

Amandiuza za kuba. Akuti mwini shopu akapatsidwa fayilo adzasindikiza mabuku 50 n'kunena kuti wasindikiza 5. N'zotheka ndithu. Koma lero lino buku likasowa pamsika, anthu amalijambula ndi foni n'kumatumizirana pa WhatsApp, wolemba osapeza ngakhale tambala. Kodi kulandira za mabuku 5 sikuposa kusalandira kalikonse? Amandiuzanso za kuthimathima kwa magetsi ndi kudula kwa inki, ndipo zimenezo n'zoona, zimakweza mtengo. Funso langa ndi lakuti, zikakweza, zimafika pa mtengo wa ndege ya ku Addis Ababa? Ena amati anthu aziwerengera pafoni pomwepo. Achinyamata a m'tauni atha kutero. Koma amene amafunsa buku la atsibweni ndi anzawo a msinkhu wawo, mafumu, akulu a mpingo ndi aphunzitsi ofuna kuliwerengera kalasi yonse, ndipo ambiri a iwo foni yawo ndi ya mabatani, yokatchajitsa kumsika.

Yankho limene limandipweteka ndi lija lakuti Amalawi sawerenga, ndiye palibe chovutikira. Mabuku obwera m'sutikesi aja sanagone m'nyumba. Limodzi linazungulira mudzi wonse mpaka chikuto chinathothoka, ndipo pakutha pa mapemphero a Lamulungu anthu amawaimitsa atsibweni panja pa tchalitchi n'kumafunsa kuti ena abwera liti. Mfumu ina inatumiza mwana ndi ndalama m'manja, n'kubwerera nazo. Tingadziwe bwanji kuti anthu sagula chinthu chimene sichinafikepo pamsika wawo pa mtengo woti angathe?

Ku Ndata, m'boma la Thyolo, ulendo waufupi kuchokera kuno, kuli yunivesite ya sayansi ndi luso ya MUST, imene inatsegulidwa mu 2014. Kuli National Library Service, imene ili ndi nthambi m'maboma. Kuli Malawi Writers Union, imene imadziwa amene ali ndi zolemba zosungidwa m'makope pansi pa bedi. Makina osindikizira mabuku ochepaochepa, odulira ndi omatira chikuto amagulidwa kamodzi, ndipo ndi ang'ono moti amakwana m'chipinda chimodzi. Kodi mabungwe atatuwa sangagwirizane kuyesa ndi mabuku 10 okha a olemba a ku Mulanje, ku Thyolo ndi ku Phalombe, kusindikiza limodzilimodzi munthu akalipira pafoni, kulikweza minibasi, kenako n'kutiuza poyera kuti lawononga ndalama zingati pofika m'manja mwa wowerenga wa pa Muloza?